"Mutu ukakula sulewa nkhonya": kodi mwambiwu tingaunene pa Yesu?

Akuluakulu, ndithandizeni pa mwambi uwu. Unatchulidwa pa ulaliki wa Lamulungu la Kanjedza kuno ku Nkhotakota, mlaliki akunena za Ambuye Yesu, ndipo mtima wanga sunakhazikike nawo.

Mmene ndimaudziwira, mwambiwu amauza munthu amene ali patsogolo: mwana wachisamba, mwini mbumba, nyakwawa. Maliro akagwa kapena mlandu ukabuka, zala zonse zimaloza iye. Kunyanja kuno timaonera siginala, munthu amene amatsogolera asodzi poponya khoka la chilimira. Usipa ukapanda kulowa m'chilimira usiku wonse, alovi amadandaulira iye, ngakhale wolakwa ndi mwera. Ndiye ine ndimamva kuti mutu waukulu ulibe pobisala, nkhonya zimaupeza ufune usafune.

Koma Yesu pothawira anali napo. Pa Mateyu 26:53 akuuza wophunzira amene anasolola lupanga kuti akanatha kupempha Atate magulu a angelo oposa 12. Pa Yohane 18, asilikali atafika m'munda ndi miyuni, iye ndiye anatuluka kukawafunsa amene akumufuna, n'kudziulula yekha, n'kupempha kuti ophunzira ake awasiye apite. Mawu a Yesaya 50:6 amene timawerenga sabata ino akunenanso za mtumiki wopereka yekha msana wake kwa omenya. Uyu si munthu amene nkhonya zangomupeza.

Funso langa lili pa liwu loti "sulewa". Makolo ankatanthauza kuti sungathe kulewa, kapena kuti suyenera kulewa?

Agogo a ku Chia (wowalembera ndi mdzukulu wawo):
Mwana wanga, zonse ziwiri zilimo, koma chachiwiricho ndicho cholemera. Kale mwana akalakwa, kubwalo ankaitana atsibweni ake. Iwo ndiwo ankaima pamaso pa amfumu, kumva mawu owawa, n'kulipira nkhuku kapena mbuzi pa mlandu umene sanapalamule. Akanatha kuzemba, njira zinalipo. Koma wozemba anthu ankaleka kumuyesa mutu wa mbumba. Mlalikiyo sanaphonye ayi.

Mayi wa ku Dwangwa:
Agogo anena zoona. Ine nkhawa yanga ili pena. Mwambiwu ndaumva ukuuzidwa kwa amayi amene akumenyedwa m'banja, ati pirirani, ndinu aakulu, ngakhale Ambuye anapirira. Zimenezo ayi. Werengani Yohane 18:22-23. Mnyamata wa mkulu wa ansembe atamumenya khofi, Yesu sanangokhala chete. Anamufunsa kuti ngati wanena choipa achitire umboni, koma ngati wanena bwino akumumenyeranji. Kudzichepetsa kwake sikunali kuvomereza kuti womenyayo akuchita bwino.

Wofunsa:
Zikomo agogo, za atsibweni zandigwira mtima, chifukwa n'zimene Yesaya 53 imanena pa Lachisanu Loyera, kuti analasidwa chifukwa cha zolakwa zathu. Mayi, mfundo yanu ndikaifikitsa kumphakati kwathu.

Komabe pali pamene mwambiwu ukundiperewera. Atsibweni amalipira mlandu wa mwana wa mlongo wawo chifukwa ndi magazi awo, ndipo akachoka kubwalo amakhalabe atsibweni, ulemu wawo uli pomwepo. Paulo pa Afilipi 2 akunena za amene anasiya yekha ukulu wake, natenga maonekedwe a kapolo. Ife a ku Nkhotakota liwu loti kapolo sitilimva mopepuka, poti m'nthawi ya a Jumbe anthu ankawolotsedwa nyanja kuchokera padoko lathu lomweli kukagulitsidwa. Lachinayi Loyera tiona mbusa akugwada kusambitsa anthu mapazi, monga pa Yohane 13, ndipo pakati pa osambitsidwa usiku ule panali Yudasi. Pa Aroma 5:10 akuti anatiyanjanitsa ndi Mulungu tili adani.

Alipo amene akudziwa mwambi wa makolo wonena za munthu wolipira mlandu wa mdani wake? A ku Salima, a ku Khombedza, tafunsaniko agogo kumeneko Lachisanu lisanafike.