Nsagwada yothyoka, timange mawaya kapena titumize ku Lilongwe?

CO (clinical officer), Chipoka: Akuluakulu thandizeni nzeru. Ndalandira mnyamata wa kabaza wagwa usiku pa msewu wa M5, nsagwada yam'munsi ikuoneka yathyoka, akatseka pakamwa mano sakukumana, mlomo wam'munsi wachita dzanzi kumanzere, magazi akutuluka pang'ono m'nkhama. Akupuma bwinobwino. Ndimutumize ku boma mukamange mawaya omangirira mano am'mwamba ndi am'munsi pamodzi?

Wamano, Salima boma: Achimwene choyamba muonetsetse mutu ndi khosi, komanso lilime lisagwere kumbuyo, agone chammbali osati chagada. Pamene yathyokera pamano timaiwerenga ngati open fracture, fupa lothyoka lokhala ndi bala lotseguka, ndiye muyambe amoxicillin ndi metro (metronidazole), tetanus musaiwale, mummange bandeji yozungulira chibwano ndi pamutu. X-ray tidzajambula mbali zonse chifukwa nsagwada imakonda kuthyoka malo awiri, apa pamene wamenyetsa ndi mbali inayo kufupi ndi khutu. Mawaya ndi masabata 4 mpaka 6 akudya zamadzimadzi zokha.

Sister, male ward: Koma wagwa bwanji mwanayu, wagundidwa kapena wangogwa yekha? Taonani mu health passport.

CO, Chipoka: Sister mwafunsa bwino, muli phenobarb, mankhwala a khunyu, ndiye kuti ali ndi khunyu. Guardian akuti anasiya kumwa mankhwala kalekale ndipo dzulo anangoona njinga ikupita kutchire popanda chomugunda.

Wamano, Salima boma: Eee ndiye mawaya ayi. Munthu wakhunyu ukamutseka mano, akadzagwa usiku kumudzi n'kusanza kapena thovu kudzadza mkamwa, atsamwa, ndipo ngakhale titampatsa chodulira mawaya ndani angadule bwino mumdima munthu akuphupha? Ameneyu ndi wa KCH, chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, akamuone madokotala a maopaleshoni a nsagwada, zikatheka amuike ma plate, tizitsulo togwira fupa, kuti pakamwa pazitseguka. Musamugoneke masiku poyembekeza kuti kutupa kuphwe, mafupa amayamba kulumikizana mokhota kenako mafinya, munthu n'kumatafunira mbali imodzi moyo wake wonse.

Sister, male ward: Ndipo phenobarb ayambirenso, musinje ngati kumeza kukuvuta. Za chakudya muwafotokozere a guardian bwinobwino chifukwa anyamatawa amaonda zomvetsa chisoni, phala la Likuni lamadzimadzi lothira nsinjiro, mkaka, msuzi wa nsomba wosefa pasakhale minga, akamaliza azichukucha ndi madzi ofunda a mchere. Nsima ayembekeze kaye ngakhale alire.

CO, Chipoka: Zikomo akuluakulu, ndikulemba referral, pamwamba penipeni ndalemba khunyu ndi zilembo zazikulu. Nanga zobwereranso pa njinga ndimuuze lero?

Wamano, Salima boma: Muuzeni lero a guardian ali pomwepo. Ambulansi ikanyamuka mundiimbire ndidzamulandire ndekha kuno ku boma tisanamutumize ku KCH.