Backup ikuona vCenter koma ikukanika kukoka data

mlonda_wa_seva:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Chisamutsireni appliance yathu ya backup (seva yosunga makope a data) ku VLAN (chigawo cha netiweki) ina, ntchito zonse za usiku zikulephera. Chondizunguza mutu n'chakuti appliance ikuiona bwinobwino vCenter (pulogalamu yoyang'anira ma seva athu a VMware), ma VM (makompyuta a pulogalamu okhala mkati mwa seva) onse akutuluka pamndandanda, ngakhale snapshot (chithunzi cha mmene disk ya VM ilili panthawiyo) ikupangika. Ikangoti iyambe kukoka ma disk, imaima pa 0% mpaka nthawi yodikira itatha. Ping (yoyesa ngati makina akuyankha pa netiweki) ikudutsa.

wa_netiweki:
Achimwene, ping isakupusitseni, imangokuuzani kuti ICMP, mtundu wa uthenga umene ping imatumiza, ikudutsa basi. Mmene mwafotokozeramu, port (khomo la pa netiweki) 443 ilibe vuto, chifukwa ndi pomwe appliance imapemphera mndandanda ndi snapshot kwa vCenter. Koma data yeniyeniyo sidzera ku vCenter ayi. Ngati mukugwiritsa ntchito NBD (njira yokokera ma disk kudzera pa netiweki), appliance imapita yokha kwa ESXi host (seva yeniyeni) amene VM ikukhalapo, pa port ya TCP 902. Lowani mu appliance mulembe nc -zv dzina-la-host 902 kuti muone ngati port imeneyo ili yotsegula. Yesani host aliyense, chifukwa vMotion (njira ya VMware yosamutsira VM ku host wina) imasuntha ma VM, lero ili uku mawa ili uko.

mayi_vSphere:
Muonenso DNS, yomwe imasandutsa dzina la seva kukhala adiresi yake ya IP. vCenter imapereka dzina lomwe host analembetsedwa nalo, ndiye ngati appliance sikutha kulisandutsa IP kuchokera ku VLAN yatsopanoyo, zizindikiro zake ndi zomwezi. Chitani nslookup (lamulo loyesera DNS) muli mkati mwa appliance, osati pa laputopu yanu.

mlonda_wa_seva:
Zikomo nonse. Mayi, nslookup ikuyankha bwino. Koma 902 yangoti ziii pa ma host onse. Ndaona pa firewall, lamulo lomwe lilipo ndi la 443 kupita ku IP ya vCenter yokha. Ndapempha kuti atsegule 902 ndi 443 kupita ku ma host.

mayi_vSphere:
Podikira zimenezo, musaiwale ma snapshot. Backup ikafera panjira nthawi zina imawasiya, ndipo delta disk (fayilo yosunga zonse zosintha chipangireni snapshot) imangokulirakulira mpaka datastore (malo osungira ma disk a ma VM) kudzaza, ma VM n'kuima. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kuposa backup yolephera. Onani VM iliyonse yomwe ikupempha consolidation (kuphatikiza ma delta disk otsalira mu disk yeniyeni).

mlonda_wa_seva:
Atsegula, nc ikuti succeeded, ndipo ntchito yoyesera yafika 100%. Ma snapshot otsalira ndawapezadi pa seva ya database. Consolidation ndichita usiku anthu akaweruka, kuti isalemetse ma disk anthu ali pantchito.