Akhwangwala akumulondalonda mwana wanga, kodi mbalame imasunga nkhope ya munthu?

Mayi_wa_Usipa:
Abale ndithandizeni maganizo. Ine ndimayanika usipa kuno ku Senga Bay ndiye akhwangwala timalimbana nawo tsiku ndi tsiku, mmodzi amatera kumapeto kwa thandala iwe ukathamangira komweko anzake atola kale mbali inayi. Mwezi wathawu mwana wanga wamwamuna analasa mmodzi ndi legeni, anathyoka phiko kenako anafa. Chiyambire pamenepo mwanayu akangotulukira kunyanja amasonkhana mu mtengo wa mango kumalira khwaa khwaa, ena kumuulukira pamutu penipeni, koma ine kapena mlongo wake tikadutsa pomwepo ali zii. Wasintha malaya koma sizinathandize. Apongozi akuti pali za anthu tipite naye kwa asing'anga, ine mtima ukukana koma mantha ndili nawo. Alipo anaonapo zoterezi?

Aphunzitsi_Chipoka:
Mayi musataye ndalama zanu, mwanayo sanalodzedwe ayi. Amuzindikira basi. Ku Seattle ku America kunali wofufuza wina John Marzluff wa pa University of Washington, mu 2006 iyeyu ndi anzake anavala chigoba cha nkhope yoopsa nkugwira akhwangwala angapo, kuwaika timphete kumiyendo nkuwamasula. Kuyambira pamenepo aliyense wovala chigoba chija akadutsa amamukuwiza ndi kumutsatira, wovala chigoba china amangomuyang'ana. Chomwe chimandigwira mtima ine nchoti patapita zaka okuwizawo anachuluka mmalo mochepa, mpaka ana amene anali asanaswedwe nthawi yogwidwayo analowa nawo mgulu, kusonyeza kuti amaonera kwa makolo ndi anzawo kuti uyu ndiye mdani. A kumeneko ndi akuda thupi lonse, athuwa a pachifuwa poyera, koma ndi banja limodzi. Ndiye malaya asinthe kangati, iwo akuyang'ana nkhope. Legeniyo aisiye kaye, ndipo pa thandala pezani ukonde wakutha mukunge pamwamba.

Msodzi_wa_ku_Chia:
Aphunzitsi zoti si ufiti ndavomera, koma zoti nzeru ndikukayikabe. Akuluakulu anati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba, ndiye kwa ine awa ndi mantha chabe ndi njala. Mnyanja yathu yomweyi muli nsomba yotchedwa kaligono, amagona chammbali pamchenga ngati wafa kale, mawanga ake aja kumaoneka ngati nsomba yayamba kuola, tinsomba tikabwera kuti tijompheko iye tswii wagwira. Ameneyu wamuphunzitsa ndani? Anabadwa nazo. Bwanji osanena kuti khwangwalanso anabadwa nazo?

Aphunzitsi_Chipoka:
Achimwene funso lanu ndi lomwe ofufuza amakanganirana zenizeni. Kaligono aliyense amachita zomwezo, wa ku Chia wa ku Nkhata Bay chimodzimodzi. Koma tamverani iyi. Kuli mbalame ina ya ku America yotchedwa scrub jay, ndi chibale cha khwangwala, imakwirira chakudya kuti idzadye mawa. Nicola Clayton ndi Nathan Emery anatulutsa zomwe anapeza mu 2001, kuti mbalameyi ikakwirira inzake ikuona, imadikira inzakeyo ichoke nkubwerera kukafukula kukabisa pena. Koma si zonse zimatero ayi, zimene zimasamutsa chakudya ndi zokhazo zimene zinabapo cha zinzawo, zomwe sizinabepo zimangosiya pomwepo. Ndiye taganizani, mtundu umodzi, koma khalidwe lasiyana chifukwa cha zomwe iliyonse yadutsamo. Apa sindinganene kuti ndi kubadwa nazo kokha. Clayton yemweyo mu 1998 anaonetsanso kuti zimakumbukira chomwe zinabisa, malo ake ndi nthawi yake, pakapita masiku ambiri zimasiya mphutsi poti zaola nkukafukula mtedza. Ndiye kunalinso Betty, khwangwala wa mtundu wa ku New Caledonia yemwe ku Oxford mu 2002 anapinda waya nkupanga ngowe yokowera kachitini ka nyama kuchokera mu kapaipi.

Mlimi_wa_ku_Bua:
Ine ndimakhala kufupi ndi mpanda wa nkhalango ya Nkhotakota ndiye nkhani yosunga mdani mumtima kwa ife si yachilendo. Paja njovu zinatsala zosakwana 100 chifukwa cha opha mozemba, kenako a bungwe losamalira nkhalango la African Parks atayamba kuyang'anira mu 2015 anabweretsa pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Mukaziona pa mtsinje wa Bua mudzaona kuti sizimangoyenda chisawawa, kutsogolo kumakhala mayi wamkulu, akaima zonse zimaima, akakweza chitamba kununkhiza tiana timalowa pakati pa miyendo ya akuluakulu nthawi yomweyo. Ku Amboseli ku Kenya anapeza mu 2014 kuti njovu zimasiyanitsa mawu a amuna achimasai, amene nthawi zina amazilasa ndi mikondo, ndi mawu a amuna achikamba amene ndi alimi, ndipo mawu a amayi ndi anyamata achimasai sizimawaopa kwambiri. Za anyani ndiye musakambe, mmunda mukakhala mwana kapena mayi amathyola chimanga akukuyang'anani mmaso, akaona bambo ndi galu ali kale mumtengo.

Mayi, chomwe ndingawonjezere, mwanayo mumulankhule bwino asadzione ngati watembereredwa, ana zinthu zotere zimawasowetsa tulo. Muwawerengere apongozi zomwe alemba aphunzitsizi pang'onopang'ono pamaso pa mwanayo. Ndipo musayembekeze kuti zitha sabata ino, za ku Seattle zija zinatenga zaka, ndiye pakadali pano ku thandala kuzipita mlongo wakeyo, iye muzimutuma kumsika.