Ulendo wa ku zilumba ndi banja lonse: tili ndi agogo komanso khanda, tipite kuti?

Moni nonse a pagulu pano. Paja amati mutu umodzi susenza denga, ndiye ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene munayendapo ndi ana ang'onoang'ono ku zilumba za m'nyanja ya Indian Ocean.

Kubanja la amuna anga tinagwirizana kuti chaka cha mawa tipite limodzi kokapuma, apongozi anga akadali ndi mphamvu zoyenda. Tilipo akuluakulu 7 ndi ana 6. Wamkulu pa anawo ali ndi zaka 14, wamng'ono ndi khanda la mlamu wanga, ndipo tikanyamuka mu August lidzakhala ndi miyezi 8. Apongoziwo ali ndi zaka 72. Amayenda okha bwinobwino, koma maondo amawavuta, masitepe ataliatali sawatha, ndiponso amamwa mankhwala a BP tsiku lililonse. Ntchito yosaka malo ndi kusunga ndalama zomwe tikusonkherana anandipatsa ine.

Malo omwe atchulidwa ndi atatu: Zanzibar, Mauritius ndi Seychelles. Alamu anga aamuna mtima wawo uli pa Seychelles. Akufuna tigone pa zilumba zitatu za kumeneko: ku Mahé, kenako ku Praslin, n'kumalizira ku La Digue. Akuti munthu kufika kutali konseko osaona nkhalango ya Vallée de Mai ndi gombe la Anse Source d'Argent, ndiye wapitiranji. Ine sindikuwatsutsa, malowo ndi okongoladi. Koma ndikaganiza zolongedza katundu wa anthu 13 katatu, kukweza agogo m'boti, kusintha malo ogona khanda likungozolowera kumene, mtima umandigunda. Ndikuopa kuti tidzabwerako titatopa kuposa mmene tinapitira, ndiponso titakwiyitsana.

Nthawi yomwe ana onse amakhala pa tchuthi ndi August kapena December. Mwezi uti uli bwino, ndipo chilumba chiti? Tibwereke nyumba imodzi yaikulu kapena tigone ku hotela? Pali mwana wina wa zaka 9, wa mlamu wanga wamkazi, amene atsagana nafe makolo ake atatsala. Pakufunika mapepala anji? Komaliza, ndipo izi n'zimene zikundisowetsa mtendere kwambiri: ndalama tigawane motani, popeza banja lina lili ndi ana atatu pamene lina lilibe mwana ndi mmodzi yemwe? Chonde ndithandizeni.

Mayi wa ana atatu: Amayi, mantha anuwo ndi oyenera. Sankhani malo amodzi, mumasule zikwama kamodzi basi. Amene ali ndi mphamvu azinyamuka m'mawa kokaona zinthu n'kubwera madzulo, agogo ndi khanda azitsala pamthunzi. Ine ndingasankhe Mauritius. Gombe lalikulu la chilumbachi linazunguliridwa ndi matanthwe a pansi pa madzi amene amathyola mafunde patali, moti kufupi ndi mchenga madzi amakhala abata komanso osazama. Mu August kumakhala kozizirirako, ndipo mbali ya kum'mawa ndi kumwera kumawomba mphepo yamphamvu, choncho yang'anani kumpoto kapena kumadzulo, monga Trou aux Biches kapena Flic en Flac. December kumatentha, madzi amafunda bwino, koma nyengo ya anamondwe kumeneko ndi kuyambira November mpaka April. Ndi khanda, ine ndingatenge August. Muziwerengeranso kuti bwalo la ndege lili kumwera chakum'mawa, ndiye kukafika kumpoto ndi ulendo wa ola limodzi kapena kuposerapo. Pemphanitu mipando ya ana ya m'galimoto musananyamuke. Agogo akakondwa ku munda wa zomera wa Pamplemousses, ndi poti see, palibe zokwera.

Namwino wa ana: Achemwali, musanagule matikiti onetsetsani kuti ndege yanu ikudzera kuti. Ku Zanzibar ndi ku Seychelles amafuna chiphaso cha katemera wa yellow fever kwa munthu wochokera kudziko komwe kuli matendawa, ngakhalenso amene wangodikira pa bwalo la ndege la dziko lotero kupitirira maola 12. Nairobi ndi Addis Ababa zili m'gulu limenelo. Katemerayu nthawi zambiri amayamba kuperekedwa mwana akakwana miyezi 9, ndipo kwa munthu wopitirira zaka 60 dokotala amayenera kuunika kaye, chifukwa ena amsinkhu umenewu amawadwalitsa kwambiri. Inu muli ndi onse awiri, wa miyezi 8 ndi wa zaka 72. Ndiye sankhani njira yosadikiritsa nthawi yaitali m'mabwalo amenewo, ngakhale tikiti yake itakwererapo. Amene angafunike kubayitsa adziwe kuti chiphaso chimayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10.

Za malungo: ku Mauritius ndi ku Seychelles kulibe, ku Zanzibar alipo ngakhale anachepa. Mukasankha Zanzibar kaonaneni ndi dokotala, ndipo musagawane mankhwala amtundu umodzi banja lonse. Mankhwala oteteza malungo otchedwa doxycycline sapatsa mwana wosakwana zaka 8 kapena mayi woyembekezera. Koma musati poti kulibe malungo ndiye udzudzu ndi wabwinobwino, nthenda ya dengue imapezeka ku zilumba zimenezi ndipo udzudzu wake umaluma masana. Mankhwala a apongozi akhale m'chikwama cha m'manja, okwanira ndi masiku ena apadera, pamodzi ndi pepala la dokotala. Tengani ORS yambiri. Khanda lisakhale padzuwa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo.

Bambo wina: Mayi, ine ndiwaikire kumbuyo alamu anuwo pang'ono. Seychelles ili ndi zilumba 115, palibe amene amazimaliza, koma ziwiri mwa zitatu zomwe akufunazo mutha kuziona osasamuka. Khalani ku Praslin. Vallée de Mai ili pomwepo, ndipo boti lopita ku La Digue limatenga mphindi 15 zokha, ana okulirapo akhoza kukapalasa njinga tsiku lonse n'kubwera kudzagona. Vuto ndi mwezi. Kuyambira May mpaka September kumawomba mphepo ya kumwera chakum'mawa, ndipo boti la pakati pa Mahé ndi Praslin, lomwe limayenda pafupifupi ola limodzi, limagwedezeka moti ambiri amasanza. Agogo ndi khanda akwere kandege, ndi mphindi zosaposa 20. Ubwino wake, anamondwe safikafika ku zilumba zitatuzi. Aliyense, ndi khanda lomwe, amafunika chilolezo cholowera chomwe mumapempha pa intaneti musananyamuke. Ndikuuzeninso chilungamo: pa malo atatu mwatchulawo, kodula kwambiri ndi kumeneku.

Mayi wokonda Zanzibar: Zanzibar musaitaye msanga, thumba limapumako. Kuyambira June mpaka October kumakhala kouma, mvula yambiri imagwa March mpaka May. Chimene anthu sauzana ndi kuphwa kwa madzi. Kum'mawa, ku Paje ndi ku Jambiani, nyanja imabwerera kutali kwa maola angapo, mwana wofuna kusambira amangolira, ndipo pansi pamakhala tizilombo taminga tobaya mapazi. Ku Nungwi ndi ku Kendwa, kumpoto, mumasambira pafupifupi nthawi iliyonse. Ana amasangalala ndi apusi ofiira a ku Jozani komanso akamba akuluakulu a pa chilumba cha Changuu. Kuyambira October 2024 mlendo amayenera kugula inshulansi ya boma la kumeneko, madola 44 munthu wamkulu, ngakhale ali ndi ina kale. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, ndiye polowa mu Stone Town ndi m'midzi muzivala zobisa mapewa ndi maondo, atsikana anu omwe.

Agogo a zidzukulu zisanu: Mwanangu, nkhani ya ndalama muikambe panopa, nonse mutakhala pansi, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe. Matikiti a ndege banja lililonse lilipire lokha. Nyumba mugawane potengera zipinda, amene watenga ziwiri alipire ziwiri. Chakudya muwerenge mitu, mwana wamng'ono akhale theka. Gawo la apongozi anuwo ana awo onse aligawane mofanana, kaya ali ndi ana kaya alibe. Zokaona zodula zisakhale zokakamiza, wofuna apite ndi ndalama zake. Ndipo banja lopanda analo musalisandutse olera ana a anzawo tsiku ndi tsiku, nawonso abwera kudzapuma. Apongozi anu muwafunse okha chimene akufuna. Ife okalamba nthawi zambiri timangoti chilichonse, pamene mumtima tikufuna chipinda chapansi, chimbudzi chapafupi, ndi kudya pamodzi ndi zidzukulu madzulo.

Bambo wa mapasa: Za mwana wa zaka 9 uja: pasipoti yakeyake, kalata ya kubadwa, kalata ya makolo onse awiri yovomereza kuti ayende ndi inu yosainidwa pamaso pa loya, ndi makope a ziphaso za makolowo. Mapasipoti onse 13 akhale oti atsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo. Koma chomwe ndalembera kwenikweni ndi madzi. Akuluakulu akachuluka, aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana ana. Mwana akamamira sakuwa, amangolowa pansi mwakachetechete. Muzisinthana: munthu mmodzi, wopanda foni m'manja, wosamwa mowa, maso pa ana basi, ndipo asachoke asanamuuze womulandira. Nyumba ikakhala ndi dziwe losambiramo, funsani ngati lili ndi mpanda ndi geti lotseka. Timatayala topopa tija si jekete yoyandamitsa.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Za maola 12 zija sindinkazidziwa, ndipo tikiti yomwe tinaiona yotsika mtengo imagoneka anthu ku Nairobi usiku wonse, ndiye tiisiya. Ndawafunsa apongozi monga mwanenera agogo. Akuti boti sakulifuna ndi pang'ono pomwe, koma akufuna kuona akamba akuluakulu aja. Lamlungu ndikawaonetsa alamu anga njira ziwiri, Praslin yokha kapena kumadzulo kwa Mauritius, zonse mu August. Amayi a ana atatu, ndifunseko: mu August madzi a ku Flic en Flac khanda lingalowemo, kapena ndi ozizira kwambiri? Nanga ku Mauritius akambawo aliko?

Mayi wa ana atatu: Aliko amayi, ku malo osungirako nyama a La Vanille, kumwera kwa chilumba, ndipo ndi mtundu womwewo, wochokera ku Aldabra ku Seychelles. Madzi mu August amazizirirako, ana okulirapo sadandaula, koma khanda lingoviika miyendo kwa mphindi zochepa dzuwa litapepuka. Mulitengere kabafa kopopa, muzilithirira madzi ofunda pakhonde.