Tithandizeni nzeru, kalabu yathu ya kiriketi ku Salima ikuvuta

Abale anga mwaswera bwanji nonse, ndabwera kudzapempha nzeru. Kuno ku Salima cha ku Kamuzu Road tinayambitsa kakalabu ka kiriketi ka ana asukulu, anyamata ndi atsikana omwe, koma zikutivuta. Bati (thabwa lomenyera mpira) yeniyeni tili nayo imodzi yokha, inayo anatisemera akalipentala ndiye ikamenya kangapo imang'aluka, masitampu (timitengo tozika pansi kumbuyo kwa womenya mpira) timadula nsungwi, mpira ndi wa tenesi uja timaukulunga tepi yamagetsi kuti uzilemerako. Galaundi timabwerekana ndi ampira wamiyendo, iwo akangofika ife tizule nsungwi zathu basi, komanso ndi mchenga wokhawokha mpira sunjanja bwino.

Chimene chikundiwawa ndi anawa, amabwera ndi chidwi koma mvula ikangoyamba mu Disembala ena kumunda ena kunyanja, kukwana 11 mbali iliyonse kumakanika timangosewera 6 kwa 6.

Ndiye inu amene munayendetsapo kalabu, ndalama mumasonkhetsa bwanji osalemetsa makolo? Pamchengapa tiyale mphasa yanji, kapena tithire simenti mamita 20 onse a pakati pa galaundi poponyera mpira? Nanga a Cricket Malawi, bungwe loyendetsa kiriketi m'dziko muno, timawafikira bwanji kuti atiphunzitseko ukochi? Chonde tithandizeni, sindikufuna ana amenewa abalalike.