Za mpira wolowa m'basiketi yolakwika ija

Sabata yatha ndinafunsa kuti woyimbira masewera a basketball amatani wosewera akaponya mpira m'basiketi imene timu yake ikuteteza. Ndawerenga malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, ndipo yankho ndalipeza. Akagoletsa mwangozi, mapointi awiri amapita kwa adani, ngakhale ataponyera kutali chotani, ndipo amalembedwa pa dzina la kaputeni wawo. Akachita dala, chigolicho sichiwerengedwa, mpira umaperekedwa kwa adaniwo. Ku NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, mapointi angozi amalembedwa kwa mdani amene anali pafupi.

Zadala zimachitikadi. Mu 2003 Ricky Davis wa timu ya Cleveland ya ku NBA, akusewera ndi Utah Jazz, anaponya mpira kubasiketi yakeyake kuti awutolenso akwanitse ma rebound 10 (rebound ndi kutola mpira umene waponyedwa kubasiketi koma sunalowe). Dyera lenileni! Rebound imeneyo sanamulembere.