Anthu akuyesa ndinasiya kulemba, chonsecho ndimalemba Lachisanu lililonse. Anzanga mumawapeza bwanji okutsatirani?

Make Tiwonge, Chibavi

Moni nonse, monire mose. Pali nkhani yandisowetsa mtendere kuyambira Loweruka, ndiye ndati ndifunse kwa anzanga amene mumaponya zinthu pa intaneti.

Ine ndimalemba za kaphikidwe ka zakudya za kuno kumpoto ndi mitengo ya zinthu mumsika. Ndinayamba mu 2014, Tiwonge ali kumsana. Lachisanu lililonse ndimazungulira msika waukulu wa Mzuzu ndi kakope kanga, nthawi zina mpaka ku Zigwagwa, kufunsa mtengo wa usipa wa ku Nkhata Bay, mpunga wa Kilombero, tomato wa ku Jenda, ufa wa kondowole. Madzulo ana akagona ndimalemba pa tsamba langa la Facebook, m'munsi mwake n'kuwonjezerapo kaphikidwe ka chakudya chimodzi. Ndivomere, ndimalemba zazitali. Mbalagha sungaifotokoze m'mizere itatu. Uyenera kunena kuti nthochi yake ndi iti, nyama iyambe yafewa bwanji, ndiponso kuti posenda udzole timafuta m'manja kuopa utomoni.

Tsono Loweruka ndikusankha nthochi, mayi wina anandigwira pamkono. Akuti, "Kodi si inu amayi a kondowole aja? Munasiyiranji kulemba? Ine kwathu ndi ku Ntcheu, bambo a kunyumba ndi a ku Chintheche, kuvundula kondowole ndinaphunzira kwa inu." Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa nkhani ya dzulo lake lomwelo. Iwo anatulutsa yawo, galasi lake long'aluka pakona, tinaima pomwepo ogulitsa nthochi akutiyang'ana. Tsamba langa akulitsatira ndithu. Koma titatsetsereka m'munsi, tinangoona mavidiyo a anthu ovina, uthenga wa maliro, zithunzi za chinkhoswe, wina akugulitsa nsapato za kaunjika. Ine kulibe. Akuti chaka chatha osaona kanthu kanga, mpaka ankaganiza kuti mwina ndinasamukira ku Joni.

Onditsatira ndi opitirira 8,000, koma nkhani ya Lachisanu ija inafikira anthu osakwana 300. Zolipira kuti nkhani ipite patali ndinafunsapo, akuti pamafunika khadi la kubanki lolipira m'madola. Ndi mmene ndalama zakunja zikusowera, ndiponso chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine wogulitsa mandasi ndi zitumbuwa sindingafikeko. Anzanga mukupanga bwanji? Kapena kulemba kunatha basi, ndingovomereza?

Kamnyamata ka ku Luwinga

Anti, musandione mwano, koma anthu 8,000 amenewo si anu. Munthu akadina kuti akutsatirani sikuti mwapangana naye kuti chilichonse mwalemba chimufika. Amene amasankha choti aone ndi makina. Mu Januwale 2018 Mark Zuckerberg analengeza yekha kuti zolemba za abale ndi anzako zizibwera patsogolo, za masamba pambuyo. Kenako TikTok itatchuka, aliyense anathamangira timavidiyo tatifupi, ndipo makinawo amakankhira patsogolo chomwe chamuimitsa munthu chala. Nkhani yanu imaoneka mizere itatu, kenako See more. Amene sanadine, makina amati sanaifune.

Ine ndimapanga nthabwala ndi anzanga awiri a pa Mzuni. Chomwe ndaphunzira n'chakuti masekondi atatu oyamba ndiye msika wonse. Inuyo muli ndi chuma simukuchidziwa. Kondowole pomuvundula amamveka, mthiko ukamalimbana naye, nkono kuchita kunjenjemera. Imikani foni pa chitini, jambulani masekondi 40, mulankhule mmene mumalankhulira kunyumba, Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka. Mitengo ya mumsika muzinena ndi pakamwa mukuonetsa mulu wa usipawo.

China, musamaponye link yotulutsa munthu kunja. Anthu ambiri kuno amagula bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha. Ine ndinkaika link ya YouTube pa status, anthu kumadina, osatseguka, n'kumandilembera kuti "aise, tatumiza vidiyo yeniyeniyo." Pano ndimaika vidiyo yomweyo paliponse payokhapayokha. Ndi ntchito, ndimadikira usiku netiweki ikapepuka. Amene amakukondani kwambiri auzeni akuikeni pa Favourites, Facebook imalola munthu kusankha anthu ndi masamba okwana 30 kuti aziwaona poyamba.

Telala wa ku Mchengautuwa

Achemwali, mwanayu wanena zoona pa za makina, koma mankhwala ake ine sindikugwirizana nawo. Mukasamukira ku vidiyo mwangosintha landilodi, nyumba ikadali ya lendi. Mawa akasintha maganizo mudzabweranso pano kudzafunsa funso lomweli.

Ndikuuzeni zanga. Ine ndimasoka madiresi a zitenje ndi mayunifolomu, ndipo ndinali ndi tsamba loonetsa masitayilo ndi kuphunzitsa kudula. Tsiku lina panabwera uthenga wooneka ngati wa akuluakulu, wakuti tsamba langa litsekedwa ndikapanda kutsimikiza. Ine ndi mantha ndinalemba password yanga. Pofika madzulo tsamba linali litasintha dzina, likugulitsa za ndalama za pa intaneti. Zaka zinayi zinapita choncho, kupusa kwanga ndekha. Chinandipulumutsa ndi kope lomwe ndimalembamo miyeso ya makasitomala, chifukwa pambali pa chiuno ndi chifuwa ndinkalemba nambala ya foni. Kope lachikuto chakuda, mapepala ake othimbirira ndi choko chodulira nsalu. Ndinakhala masiku atatu kulowetsa manambalawo mufoni.

Poyamba ndinatsegula gulupu ya pa WhatsApp. Musayerekeze. Sabata isanathe munali mavesi a m'mamawa, mikangano ya Bullets ndi Manoma, wina kugulitsa nkhuku, ndipo abambo ena anayamba kutola manambala a azimayi n'kumawalembera "hi" pakati pa usiku. Azimayi anatuluka mmodzimmodzi. Mukhoza kutseka kuti azilemba ma admin okha, komabe manambala amaonekera kwa aliyense.

Chomwe chandigwirira ntchito ndi broadcast, kutumiza uthenga umodzi kwa anthu onse a pa mndandanda nthawi imodzi. Mndandanda umodzi umatenga anthu 256, ine ndili nayo itatu. Uthenga umafika kwa munthu ngati mwamulembera yekha, akayankha amayankha kwa inu nokha. Msampha wake ndi umodzi: amene sanaseve nambala yanu salandira. N'chifukwa chake kasitomala asanatuluke pa shopu ndimamuuza, "Sevani ndikuona." Status nayonso ili chimodzimodzi, muyenera kusevana nonse awiri, ndipo pakatha maola 24 yafufutika. Ine status ndimaiyesa belu chabe, kungoti diresi latsopano latuluka.

Channel, zija zinabwera mu 2023, ndinatsegulanso. Ubwino wake anthu saona manambala a anzawo ndipo alibe malire a 256. Koma inunso simuona manambala awo, ndipo belu lake limakhala lozimitsa mpaka munthu aliyatse yekha. Ndiye mwabwerera komwe mwachoka: gulu lalikulu la anthu amene simungawaimbire.

Mukukumbukira pa 4 Okutobala 2021, pomwe Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima limodzi maola pafupifupi sikisi? Ine ndinali ndi madiresi a aperekezi a ukwati oti ayesedwe m'mawa mwake. Ndinatsegula kope, ndinagula mayunitsi, ndinatumiza SMS. Onse anabwera, ngakhale amene ali ndi kafoni ka mabatani.

Wa sakaramento (njinga ya kabaza) pa Katoto

Amama, ine kuwerenga zazitali ayi, ndisakunamizeni. Koma mukajambula mawu onena mitengo ya Lachisanu ndingamamvere podikira makasitomala. Akazi anga amagulitsa usipa ku Zolozolo, amafuna kudziwa mmene kwachera ku msika waukulu asanapikule. Isapitirire mphindi ziwiri, bandulo imalira.

Aphunzitsi Opuma, Katawa

Mayi a Tiwonge, ine ndine mmodzi mwa 300 aja. Sindidikira kuti makina andibweretsere, Loweruka m'mawa ndimalemba dzina la tsamba lanu n'kulifunafuna ndekha, monga tinkapitira kukagula nyuzi. Ndiye musati kulemba kunatha.

Anzangawa akuyankha funso lakuti uthenga ufike bwanji lero. Ine nkhawa yanga ili pa mawa. Mwezi wathawu mdzukulu wanga ankafuna kudziwa kuti mpunga unali pa mtengo wanji chaka cha 2016, za kusukulu. Ndinamuuza kuti alipo mayi wina wa ku Chibavi analemba. Tinatsetsereka pa tsamba lanu mpaka chala kuwawa, foni kutentha, tinakafika 2021 magetsi n'kuzima. Chinthu chilipo koma sichipezeka. Nanga chikanakhala pa status? Nanga mu voice note, mungafufuze bwanji liwu lakuti "mpunga" m'mawu ojambula?

Zaka khumi za mitengo ya mumsika wa Mzuzu, sabata ndi sabata, wolemba munthu mmodzi woyenda ndi miyendo yake. Mukuchiona chomwe muli nacho? Mwadutsa nazo kugwa kwa kwacha kwa Meyi 2022 ndi kwa Novembala 2023. Ana a pa yunivesite angachite kukupemphani.

Ine ndinkalemba ndakatulo ndi nkhani za ku Livingstonia komwe ndinakulira, pa gawo lija la Facebook linkatchedwa Notes. Linali labwino, munthu umaika mutu, chithunzi, ndime zako bwinobwino. Kumapeto kwa Okutobala 2020 gawolo linatsekedwa, sitingalembenso. Ndinali ndisanasunge kwina, moti zina ndinachita kuzilembanso kuchokera m'mutu. Ife a mu Mzuzu tinaona laibulale ya Mzuni itapsa mu Disembala 2015, tikudziwa kuti chosungidwa malo amodzi chimatha usiku umodzi.

Langizo langa ndi la munthu wokalamba. Yambani kulemba mu foni kapena pa kompyuta panu, kenako muzikopera kuika kwina kulikonse. Mwezi ukatha phatikizani nkhani zinayizo zikhale PDF imodzi. Ya mawu okhaokha ndi yopepuka kuposa chithunzi chimodzi chabwino, imayenda pa bandulo ya WhatsApp, ndipo munthu akaitsitsa amawerenga ngakhale alibe data. Pamwamba ndi pansi lembani dzina la tsamba ndi nambala yanu, chifukwa ikayamba kuyenda m'magulupu a mpingo ndi a banki m'khonde, dzina la mwini limatayika panjira. Kavidiyo ka mwana wa ku Luwinga jambulani ndithu, kaziitana anthu. Koma mbalagha muzilembabe yonse.

Kamnyamata ka ku Luwinga

Adada, PDF achinyamata satsegula, amaopa kuti ndi notsi za mkalasi. Koma pa zosunga mwanena zoona, ine mavidiyo anga onse ali mu foni imodzi yomweyi. Ndagwidwa nthumanzi.

Make Tiwonge, Chibavi

Yewo chomene nonse. Aphunzitsi, mwandichititsa manyazi ndi kundisangalatsa nthawi imodzi. Makope anga a mitengo alipo asanu ndi awiri m'katoni pansi pa bedi, limodzi linanyowa ndi mvula ya chaka chatha denga litadontha, inki yake inayenderera miyezi iwiri. Mtengo wa mpunga wa 2016 ndikuyang'anirani usiku uno, muuzeni mdzukulu wanu.

Dzulo ndinayesa za kamnyamataka. Ndinaimika foni pa chitini cha shuga, Tiwonge akugwira tochi chifukwa kunali kwa mitambo monga mudziwa kwathu kuno. Nthunzi inaphimba kamera, kenako foni inagwera m'beseni la ufa. Kavidiyo kanatuluka ka masekondi 25, nkhope yanga sikuoneka, akungooneka manja ndi mthiko. Ndinakaponya choncho. Pofika m'mawa kanali kataonedwa ndi anthu ochuluka kuposa nkhani zanga zitatu kuphatikiza, ndipo zinandipweteka pang'ono, ndisabise. Wina analemba kuti madzi ndinachulutsa. Sindinachulutse, ufa wake unali wa chinangwa chonyika masiku ochepa.

Achemwali a ku Mchengautuwa, ndagula kope latsopano. M'munsi mwa kavidiyoko ndinalemba kuti wofuna mitengo Lachisanu lililonse anditumizire dzina ndi dera lomwe akukhala, ndipo aseve nambala yanga. Afika 41, wina wa ku Johannesburg akuti amafuna azidziwa ngati ndalama yomwe amatumiza kwa mayi ake ku Ekwendeni ikukwanira. Chomwe chikundivuta n'chakuti nambalayi ndi yomweyo ya Airtel Money ya mandasi ndi ya kusukulu kwa ana. Inu munagula simu ina ya ntchitoyi, kapena mumangopirira mafoni a usiku?

Bambo a sakaramento, mphindi ziwiri ndiyesetsa, koma ine ndikayamba kunena za usipa sindimalizitsa msanga. Mayi a ku Ntcheu aja sindinatenge nambala yawo. Loweruka ndikaima pa nthochi pomwe paja.